Chifukwa Chake Tsabola Amayoyola Maluwa ku Bulawayo

Mlimi wa tsabola ku Bulawayo sadandaula kawirikawiri kuti mbeu yake yakana kukula. Dandaulo lake ndi lina. Tsabola amakula bwino, masamba ali biriwiri, maluwa oyera nachita mbee pa bedi lonse. Koma pakapita masabata awiri maluwa aja amapezeka ali pansi, ndipo pa mtengo pamatsala zipatso ziwiri kapena zitatu zokha. Ambiri amati feteleza wachepa, nathamangira kukagula wina. Ena amaganizira tizirombo, napopera mankhwala. Ndalama zimapita, maluwa nayoyokabe.

Nkhani ino tailembera makamaka abale athu olima m'madimba a m'mphepete mwa mzindawu, ku Sizinda ndi m'makomboni ena kumene kuli ana ndi adzukulu a anthu amene adachoka ku Malaŵi ndi ku Zambia kudzagwira ntchito ya njanji ndi ya m'mafakitale. Koma alimi a ku Balaka, ku Chikwawa, ku Tete ndi kuchigwa cha Luangwa adzapezamonso zao, popeza vuto ndi lomweli paliponse pamene dzuwa liomba kwambiri ndipo madzi ali operewera. Zokolola za tsabola zimatsimikizika m'masiku owerengeka chabe, pamene duwa liri kusanduka chipatso, ndipo chimene chimalamulira masiku amenewo ndi kutentha ndiponso chinyezi cha m'nthaka.

Nyengo ya ku Bulawayo ndi zofuna za tsabola

Mzinda wa Bulawayo uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,350, ndipo umalandira mvula yokwana mamilimita pafupifupi 600 pa chaka, imene yambiri imagwa kuyambira Novembala kufikira Malichi. Akatswiri a bungwe la FAO amawerengera kuti tsabola amafuna madzi okwana mamilimita 600 mpaka 900 kuti amalize moyo wake, ndipo wokhalitsa m'munda, wothyoledwa kambirimbiri, amafuna oposa pamenepa. Motero ngakhale m'chaka chabwino mvula yokha imangofika pa malire a m'munsi. Zaka zabwino nazo si zambiri. Chilala cha 1992 chidaumitsa madamu mpaka mzinda udayamba kudalira madzi a pansi a ku Nyamandlovu, ndipo mu 2020 mipope ya m'makomboni inkatsekedwa mpaka maola 144 pa sabata.

Kunena za kutentha, tsabola amakondwa masana akakhala pakati pa madigiri 18 ndi 27, usiku nukhala pakati pa 15 ndi 18. Ku Bulawayo masiku otere alipo, koma apanikizika pakati pa adani awiri. Mu Juni ndi Julayi usiku umazizira kwambiri, ndipo m'malo otsika, monga m'madambo a ku Matopos, chisanu chimawaula mbeu. Mu Okutobala dzuwa limafika pachimake, masana napitirira madigiri 30 masiku ambiri, mpweya uli gwaa.

Tsono taonani msampha umene mlimi amagweramo mosadziwa. Amadikira chisanu chithe, naokera mbande kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala. Tsabola amayamba maluwa patapita mwezi umodzi kapena mwezi ndi theka chiokereni. Ndiye kuti maluwa ambiri amamasula mu Okutobala, mwezi wotentha koposa, umenenso zitsime zimatsika ndipo mzere wa pa mjigo umatalika.

Chimene chimachitika m'kati mwa duwa

Kuyoyoka kwa maluwa a tsabola kwafufuzidwa kwambiri m'maiko a kutali, ndipo zimene zidapezeka zimagwirizana. Ku sukulu ya ukachenjede ya Minnesota ku Amereka, Erickson ndi Markhart adaika tsabola wamkulu wosawawa pa kutentha kwa madigiri 33, nafalitsa zotsatira zake mu 2001 ndi 2002. Adapeza kuti mtengo sunasiye kutulutsa maluwa, koma maluwawo sadagwire zipatso. Adapezanso kuti pali nthawi ziwiri zoopsa: pamene duwa likali kanthu kakang'ono kosamasula ndipo mungu uli kupangika m'kati mwake, ndi pamene duwa langolandira kumene mungu. Ichi ndi chofunika kuchimvetsa. Duwa limene layoyoka lero mwina lidavulala masabata awiri apitawo, ndipo mlimi amene afunafuna chifukwa m'zochitika za dzulo sangachipeze.

Ku Volcani, malo a kafukufuku a dziko la Israel, Aloni ndi anzake adaonetsa mbali ina. Chakudya chimene masamba amapanga ndi dzuwa chimalimbiranidwa ndi ziwalo zonse za mtengo: nsonga zophuka, zipatso zimene zagwira kale, ndi maluwa. Pa mkangano umenewu duwa ndilo lofooka. Chakudya chikachepa, kaya chifukwa cha kutentha, mthunzi wochuluka kapena ludzu, mtengo umadula duwa pakhosi nusunga zipatso zimene uli nazo. N'chifukwa chake tsabola amabereka modumphadumpha: akagwira zipatso zambiri, maluwa otsatira amagwa, ndipo amadzagwiranso pamene zoyamba zija zathyoledwa. Mlimi wa tsabola wobiriwira amene achedwa kuthyola poyembekeza kuti mtengo wa pamsika ukwere ayenera kudziwa kuti akulipira ndi maluwa.

Kuzizira nako kuli ndi chilango chake. Usiku ukatsika pansi pa madigiri 15 masiku otsatizana, mungu umafooka, ndipo zipatso zimene zigwira zimakhala zazing'ono, zaphwatalala, zopanda njere. Tsabola wotere amaoneka m'misika kumapeto kwa nyengo yozizira, ogula namunyoza.

Madzi: si kuchuluka kokha ayi

Mizu yambiri ya tsabola wookeredwa imakhala m'masentimita 30 mpaka 50 a pamwamba. Dothi limeneli ndilo limayamba kuuma. Tsabola alibe nkhokwe yakuya yoti atapemo pamene mlimi wajomba, ndipo nthawi imene ludzu limamupweteka koposa ndi pa chiyambi cha maluwa. Kuthira madzi ambiri Lolemba ndi kudzabweranso Lachisanu si chimodzimodzi ndi kuthira madzi omwewo pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, makamaka pa dothi lamchenga.

Umboni wake umaoneka pa chipatso. Alimi ambiri amadziwa banga lakuda, lonyowa poyamba kenaka louma ngati chikopa, limene limabwera kunsi kwa tsabola. Si nthenda yopatsirana, ndipo mankhwala opopera saichiza. Limayamba chifukwa mchere wa kashiamu sunafike kunsonga ya chipatso pamene chinali kukula msanga. Kashiamu amayenda ndi madzi okha, ndipo madzi ambiri amakokedwa ndi masamba. Chipatso chimalandira zotsala. Dothi likauma ngakhale masiku awiri, gawo la chipatso limaduka, ngakhale m'nthaka muli kashiamu wokwanira. Feteleza wa nayitirojeni wochuluka amaonjeza vutoli pochulukitsa masamba. Banga limeneli lisasokonezedwe ndi kupsa ndi dzuwa, kumene kumakhala kotuwa ndipo kumabwera pa mbali yoyang'ana dzuwa.

Funso tsono n'lakuti, mlimi wopanda injini angasunge bwanji chinyezi chosadukiza? Pa funso ili dziko la Zimbabwe lili ndi kafukufuku wakewake, ndipo ngakhale adachitika pa ndiwo zina zamasamba, phunziro lake limakhudza tsabola kwambiri.

Pakati pa 1985 ndi 1995 akatswiri a pa malo a kafukufuku a ku Chiredzi, pamodzi ndi a ku Institute of Hydrology ya ku Britain, adayesa njira zosavuta zothirira madimba. Adayerekeza kuthira madzi osefukira pa bedi, monga ambiri amachitira, ndi kuthirira kodontheza, ndi miphika yadothi yokwiriridwa, ndiponso mapaipi adothi owotcha oyalidwa pansi pa nthaka. M'lipoti la Batchelor, Lovell ndi Murata la 1996, mapaipi adothi adaoneka kuti ndiwo adachita bwino kwambiri pa zokolola, pa maonekedwe a mbeu ndi pa kusunga madzi, kuonjezera apo anali otchipa ndiponso osavuta. Chinsinsi chake n'chakuti madzi amalowera ku mizu, pamwamba pa dothi pali pouma, motero dzuwa silimwa ambiri. Ife tiona kuti njira imeneyi idaiwalika msanga kuposa m'mene idayenera, mwina chifukwa chakuti panalibe kampani yoigulitsa. Mayi woumba mbiya akhoza kuumba mapaipi amenewa.

Chimene chidafala m'malo mwake ndi timapaipi tapulasitiki todontheza, tolumikizidwa ku mgolo woikidwa pa thandala. Kuyambira cha m'ma 2002 mabungwe othandiza pa njala adagawa zipangizo zimenezi zikwizikwi m'dziko lonse. Pa sikimu ya Zhulube m'boma la Insiza, Maisiri ndi anzake adapeza, mu lipoti la 2005, kuti kudontheza kudapulumutsa madzi oposa theka poyerekeza ndi kuthirira kwa m'ngalande, koma zokolola sizidasiyane kwenikweni. Kenaka ofufuza ena, pamodzi ndi a bungwe la ICRISAT limene lili ndi malo ake ku Matopos, makilomita pafupifupi 30 kumwera kwa Bulawayo, adayendera mabanja amene adalandira zipangizozi m'maboma a Gwanda ndi Beitbridge. Lipoti la Moyo ndi anzake la 2006 lidati mabanja awiri okha pa 100 alionse ndiwo adakolola kasanu m'zaka ziwiri monga kudayembekezeka. Zifukwa zazikulu zidali kusowa kwa madzi, kuvuta kwa kuwapeza, ndi tizirombo ndi matenda.

Zipangizozo sizidali zoipa. Cholakwika chidali kuganiza kuti paipi imabala madzi. Mgolo uli pa thandala uyenera kudzazidwa ndi munthu wosenza ndowa, ndipo mjigo ukauma, timapaipi timangogona pa dzuwa.

Apa tiyeni tiwerengere pamodzi, pakuti masamu ake ndi apafupi ndipo ndiwo mtima wa nkhaniyi. Milimita imodzi ya madzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Tinene kuti pa tsiku lotentha la mu Okutobala tsabola wamaluwa ataya mamilimita 6. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali lidzafuna malita 60, ndiko kuti ndowa zitatu za malita 20. Mabedi khumi otere adzafuna ndowa 30 tsiku lililonse, Lamulungu lomwe. Mu Ogasiti, mbande zikali zazing'ono ndipo kunja kukali kozizira, mabedi khumi amaoneka opepuka, mlimi nadzitama. Mu Okutobala amatha kusenza ndowa 12 zokha, nazigawa pa mabedi onse khumi, ndipo onse amayoyola. Akadabzala mabedi anai akadakolola. Kukula kwa dimba la tsabola kuyenera kuyesedwa ndi madzi a mu Okutobala, osati a tsiku lookera.

Kuphimbira ndi udzu wouma kapena mapesi kumachepetsa ndowa zimenezi, komanso kumaziziritsa dothi masana. Pa ntchito zonse za m'dimba, iyi ndiyo imabweza zambiri pa mtengo wochepa. Chiswe chimabwera, inde, koma kawirikawiri chimadya udzuwo. Siyani mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde.

Dothi la kuno si lamtundu umodzi. Ku Matopos komweko, kumene kafukufuku wa ulimi adayamba mu 1903, kuli mchenga wotuwa wochokera ku miyala ya m'mapiri aja, kulinso makande ndi katondo. Pa mchenga thirirani pang'ono tsiku lililonse. Pa makande mukhoza kudumpha tsiku kapena awiri, koma chenjerani ndi madzi oima, pakuti mizu ya tsabola ikamira imaola msanga, mtengo nufota ngati wamva ludzu, mlimi naonjezanso madzi.

Mchere wa m'madzi

Pali chinthu china chimene sichioneka ndi maso. Mijigo ina ya m'Matabeleland imatulutsa madzi amchere, ndipo madzi otsukidwa ochokera m'mipope ya zonyansa za mumzinda, amene alimi ena a m'mphepete mwa Bulawayo akhala akuthirira, nawonso amanyamula mchere. Maas ndi Hoffman a ku Riverside, ku California, adasonkhanitsa miyeso ya mbeu zambiri mu 1977, ndipo tsabola adapezeka kuti amayamba kutaya zokolola pa muyeso wa mchere wa 1.5, pamene tomato amapirira mpaka 2.5, kupitirira apo tsabola amataya magawo 14 pa 100 pa sitepe iliyonse. Motero dimba limene tomato achita bwino likhoza kukana tsabola, mlimi nadabwa. Kuthirira kodontheza kumakankhira mchere m'mphepete mwa malo onyowa, pamene pamaoneka mzere woyera. Kamvula koyamba kowaza kamabweza mcherewo ku mizu. N'chifukwa chake alangizi amati musasiye kuthirira pa mvula yoyamba; dikirani igwe yolowerera.

Kusuntha nthawi, kuchepetsa dzuwa

Popeza mwezi wa Okutobala sitingauchotse pa kalendala, chimene tingachite ndi kuuzemba. Pali njira ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake.

Yoyamba ndi kufulumira. Njere za tsabola zimamera bwino dothi likafunda madigiri 25 mpaka 30, ndipo pansi pa 15 zimagona masabata osamera. Wofesa mu Juni ayenera kufunditsa nazale ndi pepala lapulasitiki loonekera, kuvundukula masana ndi kuphimba madzulo. Mbande zimakhwima m'masabata 6 mpaka 8. Zikaokeredwa pakati pa Ogasiti, pamalo okwera osagwa chisanu, zipatso zoyamba zimagwira mu Seputembala kutentha kusadafike, ndipo zimalowa pamsika tsabola akali wosowa. Choopsa chake ndi chisanu chochedwa, chimene chikhoza kutha bedi lonse usiku umodzi. Njira iyi si ya m'dambo.

Yachiwiri ndi kuchedwa: kufesa mu Seputembala kapena Okutobala, pamene nazale yaing'ono siifuna madzi ambiri, ndi kuokera mvula ikayamba. Maluwa amabwera mu Disembala ndi Januwale mitambo itaphimba. Umu ndi m'mene amalimira papirika, amene adatchuka m'Zimbabwe m'zaka za m'ma 1990 monga mbeu yogulitsa kunja, ndiponso tsabola wamng'ono wowawa wouma amene alimi a ku Mulanje ndi Phalombe amalima. Mbeu zimenezi zimayenera kupsa pa mtengo mpaka kufiira, motero sizingapepukidwe ndi kuthyola msanga. Mavuto a njira iyi ndi matenda a maanga a pa masamba amene amafala ndi madontho a mvula, ndiponso ng'amba ya pakati pa dzinja imene ku Matabeleland siichedwa kubwera. Wolima motere asataye ndowa zake.

Amene sangazembe Okutobala athandizidwe ndi mthunzi. Kafukufuku wa ku Israel ndi wa ku Georgia ku Amereka adaonetsa kuti mthunzi wopepuka m'nyengo yotentha umachepetsa kupsa kwa zipatso nuchulukitsa zogulitsika. Mawu ofunika ndi akuti wopepuka, wochotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dzuwa. Mthunzi wa pansi pa mango ndi wakuda kwambiri, ndipo monga taona kale, kusowa kwa dzuwa kumayoyolanso maluwa. Wopanda ukonde wogula amange thandala la udzu woyala patalipatali, loti munthu aone thambo kupyola m'menemo.

Za mtundu wa mbeu ndi feteleza

Mitundu ya tsabola siipirira mofanana. Wamkulu wosawawa, monga California Wonder amene adatulutsidwa mu 1928 ndipo akugulitsidwabe m'masitolo a mbeu, ndiye wosachedwa kuyoyola. Wazipatso zazing'ono wowawa amapirira kutentha koposa. Bungwe la AVRDC, limene lidakhazikitsidwa ku Taiwan mu 1971 nitsegula nthambi ya mu Africa ku Arusha mu 1992, ndipo masiku ano limatchedwa World Vegetable Center, lakhala likusankha mitundu yopirira kutentha ndi matenda ndi kuitumiza kumaiko kuti ikayesedwe. Mlimi wa malo otentha, wa madzi ochepa, aganize kawiri asadasankhe tsabola wamkulu chifukwa cha mtengo wake wokha.

Za feteleza tinena mwachidule. Manyowa oola bwino alowe m'bedi mbande zisadaokeredwe, pakuti amathandizanso dothi lamchenga kusunga madzi. Wobereketsa athiridwe pang'onopang'ono, kangapo, makamaka zipatso zoyamba zitagwira. Kuthira feteleza pa dothi louma pofuna kuletsa kuyoyoka kumangoonjeza mchere pa mizu yaludzu kale. Mbande yofooka imene yatulutsa duwa pa mphanda yoyamba ichotsedwe duwalo, kuti iyambe yamanga thupi.

Tizirombo tisanamiziridwe, komanso tisaiwalidwe. Nsabwe za m'masamba zimafalitsa matenda opiringiza masamba, ndipo mtengo wodwala motere sugwira zipatso ngakhale uthiriridwe bwino, uzulidwe. Timinyongolotsi ta m'nthaka totupitsa mizu timafotetsa tsabola masana ngakhale dothi lili lonyowa. Zulani mtengo umodzi muone mizu: ikakhala ndi timfundo, tsabola, tomato, mabiringano ndi fodya zisabwerenso pa bedi limenelo kwa zaka zingapo.

Kuyesa pa bedi lanu

Ofufuza amadziwa kuchuluka kwa maluwa ogwa chifukwa amawerenga, ndipo mlimi akhoza kuchita chimodzimodzi popanda chipangizo chogula. Sankhani mabedi awiri ofanana, a mbeu imodzi, ookeredwa tsiku limodzi. Limodzi liphimbireni ndi udzu, linalo likhale monga mwa masiku onse, ndipo onse alandire ndowa zofanana. M'mawa wina mangani kaulusi kofiira pa makosi a maluwa 20 amene amasula tsiku limenelo pa bedi lililonse, osathina. Pakapita masiku 10 werengani timaulusi timene tili pa zipatso, ndi timene tagwa pansi, mulembe m'kope pamodzi ndi tsiku. Bwerezani ndi ulusi wa mtundu wina patapita masabata awiri, kuyambira Seputembala mpaka Disembala. Chaka chotsatira musinthe chinthu chimodzi chokha, kaya mthunzi, kaya tsiku lookera, kaya mtundu wa mbeu, ndipo kope lija mukalionetse mlangizi wa m'dera lanu.